Kuonera ma bustard m'madambo ndi m'minda: yambirani konkuno musanalote za ku Portugal

Tiyambe tagwirizana kaye kuti pasapezeke wina wawotcha mafuta ulere, mbalame yotchedwa little bustard kuno ku Malawi kulibe. Kaya mukwere Michiru, kaya muzungulire minda yonse kuchokera ku Chileka mpaka ku Lunzu, simuiona. Kwawo ndi ku Portugal, Spain, kummwera kwa France, pachilumba cha Sardinia, kenako mudumphe mpaka kummwera kwa Russia ndi Kazakhstan. Ndiye wina afunsa kuti nanga ife a mu Blantyre zikutikhudza pati? Pawiri. Pali anzathu amene akupita kusukulu kapena kuntchito ku Lisbon kaya ku Madrid ndipo Loweruka amangokhala m'nyumba kudandaula kuzizira chonsecho mbalameyi ili maola awiri atatu okha kuchokera pomwe aliwo. Komanso achibale ake tili nawo konkuno, black-bellied bustard ndi Denham's bustard, ndipo kafunidwe kake ndi kamodzimodzi. Mukaidziwa ntchitoyi kudambo la kwathu, kunjako mukangosintha jekete basi.

Ndikati kufuna ndikunena ndi maso abale, legeni siyani kunyumba. Ndikudziwa funso loyamba lomwe mukumane nalo kumudzi ndi lakuti "ndiye mukaiona muitani, simudya?" Konzekeranitu yankho, limabwera nthawi zonse.

Poyamba dziwani chomwe mukufunacho. Little bustard ndi yaing'ono ndithu, masentimita 40 mpaka 45, kulemera kwake sikufika kilo imodzi, yocheperako kwa nkhanga. Yaimuna nthawi yoswana imakhala ndi khosi lakuda bii lokhala ndi mizere iwiri yoyera, wina wooneka ngati chilembo cha V wina wozungulira m'munsi mwa khosi, nkhope yotuwa. Yaikazi ilibe zonsezo, ndi yofiirira mawangamawanga mtundu wa udzu wouma, ndipo nyengo yoswana ikatha yaimuna nayo imavula zakudazo nkumaoneka pafupifupi ngati yaikazi. Ikauluka ndi pomwe imadziulula, mapiko amaonetsa zoyera zambiri zomwe simumaziyembekezera pa mbalame yomwe pansi inali yosaoneka, imakupiza mwachangu, ndipo yaimuna mapiko ake amaimba likhweru chifukwa cha nthenga imodzi yaifupi kuposa zinzake kumapeto kwa phiko. Mukafika ku Spain muzifunsa za sisón, ku Portugal sisão, mukati little bustard mlimi angokuyang'anani.

Yathu ya kuno, black-bellied bustard, ndi yokulirapo, ngati masentimita 60, miyendo yaitali, khosi lalitali lowonda. Yaimuna mimba ndi yakuda ndipo pali mzere wakuda woonda wokwera kutsogolo kwa khosi mpaka pammero. Yaikazi mimba ndi yoyererako, ndiye musati mukaona yopanda mimba yakuda muziti mwapeza mtundu wina. Denham's ndiye chimbalame, yaimuna imafika makilo 9 kapena 10, kumbuyo kwa khosi kofiira, ndipo malo odalirika kuiona ndi ku Nyika, m'mapiri a udzu ozungulira Chelinda. Kuchokera kuno ndi ulendo wa tsiku lathunthu ndi chidutswa, ndiye imeneyo isungireni holide. Ikamadzionetsa kwa zazikazi imatukumula khosi kukhala choyera chachikulu chooneka olo muli kutali kwambiri.

Tsopano nkhani yaikulu, ndipo ena onsewa ndi mawu ongowonjezera: mbalame zimenezi simuzipeza poyenda m'kati mwa udzu. Anthu ambiri amaganiza kuti kuonera mbalame ndi kuyenda, ndiye amalowa m'dambo kumaswa udzu, thukuta kamukamu, mbalame inawaona kalekale ali mamita 300 ndipo inangogwada pansi kapena kuchoka mwakachetechete chowerama. Bustard ndi mbalame ya poyera, chitetezo chake ndi maso ndi mtundu wake, imakuonani musanaione. Munthu woimirira imamuopa, koma galimoto siliopa kwenikweni. Ndiye galimoto ndiye chobisalira chanu. Yendetsani pang'onopang'ono mumsewu wafumbi, mukafika pomwe mukuona patali imani, zimitsani injini, tsitsani windo, khalani phee mphindi 10 kapena 15 musanasunthe. Osatsegula chitseko, osatulutsa mkono kuloza, ndipo amene amakonda kuyankhula pa foni mokweza uja musiyeni ku Ndirande. Ngati mulibe galimoto palibe vuto, fikani pa njinga kapena pa kabaza, pezani chulu kapena mtengo wa m'mphepete mwa munda, khalani pansi mutatsamira kuti thupi lanu lisaonekere kumwamba, dikirani.

Mukakhala phee choncho, yambani ndi makutu, maso abwere pambuyo. Black-bellied yaimuna imaima pachulu kapena pokwera, imatambasula khosi nkulira kamawu kamodzi, kenako imabweza mutu kumsana, kukhala chete kamphindi, basi mumangomva "pop" ngati munthu watsegula botolo. Mukangoimva kamodzi simudzaiwalanso, ndipo imabwereza ili pamalo omwewo ndiye muli ndi mpata woisaka ndi bainokyula. Little bustard kulira kwake ndi kakafupi kouma, "prrt", kamabwerezedwa pakapita masekondi angapo, ndipo kamapusitsa chifukwa kamamveka ngati kali pafupi kapena mbali ina pomwe mbalame ili kutali. Musanapite, gulani bandulo mutsitse mawu amenewa pa webusaiti ya mawu a mbalame ya xeno-canto kapena pa apu yozindikirira mbalame ya Merlin muzimvera kunyumba mpaka alowe m'mutu. Koma kutchireko musakaike pa sipika kuti muiitane. Yaimuna imaganiza kuti kwabwera mnzake wodzalanda malo, imasiya kudya, imasiya kufunsira, kumangolimbana ndi foni yanu. Ine zimenezo sindigwirizana nazo olo pang'ono, olo chithunzi chituluke chokongola bwanji.

Kayang'anidwe nako kali ndi luso lake. Osangoponya bainokyula uku ndi uku. Gawani dambo m'mizere, yambani chapafupi kuchokera kumanzere kupita kumanja pang'onopang'ono, kenako kwezani pang'ono mubwerere, mpaka kukafika komwe udzu wakumana ndi thambo. Musamafune mbalame yathunthu ayi, nthawi zambiri thupi limakhala labisika, chomwe chimaoneka ndi mutu ndi kakhosi kotulukira pamwamba pa udzu. Chilichonse choima chilili chomwe sichikugwedezeka ndi mphepo pomwe udzu wonse ukugwedezeka, bwererani muchiyang'anenso. Nthawi zambiri chikhala chitsa kapena phesi la chimanga, vomerezani, ndi mmene zimakhalira. Mukamaliza yambiraninso chifukwa yomwe inagwada mutangofika imadzuka ikaona kuti kwakhala bata. Ndipo dzuwa likhale kumsana kwanu, mammawa yang'anani chakumadzulo, madzulo chakummawa, mukayang'anizana nalo zonse zimangooneka zakuda.

Bainokyula ya 8x42 kapena 10x42 ndi yokwanira, poyera chonchi ine ndimakonda ya 10. Zotchipa zolembedwa manambala akuluakulu ngati 30x60 zija musataye nazo ndalama, zimangopweteketsa mutu. Ngati mulibe, yambani mwabwereka kapena pitani ndi gulu, a WESM, bungwe lakale loona za chilengedwe lija lomwe linayamba mu 1947, ali ndi nthambi kuno ku Blantyre ndipo ndi komwe mungakumane ndi anthu odziwa mbalame. Telesikopu ndi yabwino kwambiri ku Ulaya komwe minda ndi yotambalala, koma musadikire kuti mukhale nayo kaye. Zovala pitani pa kaunjika mukasankhe zotuwa kapena zobiriwira mozimirira, malaya oyera ndi jezi ya Bullets zisiyeni. Buluku lalitali, nsapato zotseka, chipewa, madzi akumwa.

Nthawi yake. Kuno black-bellied imachita zionetsero zake nyengo ya mvula, kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi, ndi pomwe imalira kwambiri komanso yaimuna imauluka mmwamba kuonetsa mapiko oyera kenako nkumatsika pang'onopang'ono mapiko atakwezedwa. Vuto lake udzu ukatalika mu Febuluwale mumangoimva osaiona, ndiye mwezi wabwino ndi Disembala mvula itangoyamba udzu usanakule. Muzifika dzuwa likutuluka, ndipo paja mu Disembala kuno cha m'ma 5 koloko kwayera kale, kutanthauza kuti ngati mukupita kuchigwa mudzuke usiku kapena mukagone konko. Ikakwana 9 koloko kwatentha, mpweya wayamba kuvinavina mu bainokyula, mbalame zalowa pamthunzi, pitani mukamwe tiyi mudzabwerenso cha m'ma 4 madzulo. M'chilimwe nako kuli mwayi wake, palupsa pomwe udzu wapsa ndipo msipu wayamba kuphuka ma bustard amakonda kuyendapo kutola ziwala ndi tizilombo tina, ndipo pamakhala poyera mumaona patali.

Malo ake, musavutike ndi nkhalango zothithikana kapena m'minda ya tiyi ku Thyolo. Funani udzu wotambalala wokhala ndi mitengo patalipatali, m'mphepete mwa madambo, m'matsala. Kuchokera mu Blantyre chapafupi ndi kutsika Thabwa kupita ku Chikwawa, Majete ili pa mtunda wa makilomita ngati 70, Lengwe chakutsogolo pang'ono, kapena mbali inayi kudzera ku Zomba kukafika ku Liwonde, komanso zigwa za udzu zozungulira nyanja ya Chilwa. Mukafika pageti funsani ma gaidi ndi asilikali a zanyama kuti aiona kapena kuimva kuti masabata apitawa, iwowo amayendamo tsiku lililonse ndipo akupulumutsani maola ambiri. M'mapaki musatsike m'galimoto mwachisawawa, ku Majete mikango inabwezeretsedwa mu 2012, ku Liwonde mu 2018, ndipo njati ndi njovu sizifunsa kuti mukuonera mbalame kapena ayi. Nthawi ya mvula misewu ina amatseka, ndiye imbani foni musananyamuke, dothi la makande la kuchigwa likanyowa olo galimoto yamphamvu imatitimira.

Kunja kwa paki ndiye nkhani ndi anthu. Munda uli ndi mwini wake, dambo lili ndi amfumu ake. Munthu wachilendo ataima m'mbali mwa munda mbandakucha ndi chipangizo m'maso, anthu sangaganize za mbalame, aganiza kuti mukuyeza malo kapena zina zoposa pamenepo, ndipo tonse tikudziwa mmene mphekesera zimathamangira kumudzi. Choncho fikani dzulo lake, perekani moni bwinobwino, "Gogo, tabwera kudzaona mbalame za kudamboku, tingaime pati posaononga mbewu?", aonetseni chithunzi pa foni, apatseni bainokyula ayang'anemo okha. Anyamata oweta ng'ombe ndiye akatswiri enieni, amadziwa chulu chomwe imaimapo. Chenjezo limodzi lokha, mukapeza chisa kapena anapiye musalengeze, osati kwa ana, osati pa Facebook. Zimaikira pansi penipeni popanda chisa chodziwika, ndipo mapazi anu opita pomwepo ndi njira yomwe agalu atsatire. Ndipo mu udzumo muli mphiri, nkhupakupa ndi chitedze, chifukwa chinanso chokhalira m'mphepete.

Tsopano kwa inu amene mwapeza viza ndipo muli ku Ulaya kapena mukupita. Kumbukirani kuti nyengo ndi yotembenuka. Little bustard imafunsira mu Epulo ndi Meyi, nthawi yomwe kuno tikukolola, ndipo ndi miyezi imeneyi yomwe muione itavala khosi lakuda lija. Zazimuna zimagawana malo motalikirana koma momvana, iliyonse pakabwalo kake, imaponda pansi mofulumira, kutukumula khosi, kulira "prrt", nthawi zina nkudumpha mmwamba mapiko oyera atatambasuka, makamaka kukamacha ndi kukamada. Ndiye mukaona imodzi musanyamuke msanga, yang'anani mozungulira pali zina. Paja kumeneko miyezi imeneyi dzuwa limalowa mochedwa, kupitirira 8 koloko usiku, ndiye mutha kuweruka nkukapezabe nthawi. Kuyambira Novembala mpaka Febuluwale zimasonkhana m'magulu, kumadya m'minda ya alfalfa ndi mbewu zina zamasamba obiriwira, mtundu wake wosakongola koma gulu likadzuka lonse pamodzi ndi zoyera zokhazokha mmwamba.

Ku Portugal malo otchuka ndi Castro Verde m'chigawo cha Alentejo, omwe UNESCO inawaika m'gulu la malo osungidwa a biosphere mu 2017, ndipo bungwe loteteza chilengedwe la LPN lili ndi malo ophunzitsira za chilengedwe ku Vale Gonçalinho komwe mungafunse njira. Ku Spain pitani ku Extremadura, zigwa za pakati pa Cáceres ndi Trujillo komanso La Serena, kapena zigwa za ku Lleida ngati muli ku Barcelona. Ku France kuli La Crau, kufupi ndi Arles. Ku Alentejo ndi ku Extremadura mukapezanso great bustard, chimkulu chake, imodzi mwa mbalame zolemera kwambiri zomwe zimauluka. Ndipo musadabwe kuona nkhope zodziwika pa mawaya, mbalame ya buluu ija European roller ndi anamzeze aja timawaona kuno nthawi ya mvula, kumeneko ndi komwe mitundu imeneyi imakaswera. Amene ali ndi mtima wa maulendo, ku Azerbaijan pa Besh Barmag m'mphepete mwa nyanja ya Caspian ma little bustard ochokera kumpoto amadutsa ochuluka zedi nyengo yozizira ikamayandikira.

Ku Ulayako posankha munda woti muyang'ane, yang'anani kutalika kwa zomera. Yaimuna imafuna pa zomera zazifupi kuti ioneke, ndiye tsala, msipu wa nkhosa, kapena munda wa nyemba za ziweto. Yaikazi imafuna pa zomera zotalikirapo pobisala ndi mazira ake atatu kapena anayi, omwe imafungatira yokha masabata ngati atatu, bambo alibe nazo ntchito. Ndiye malo abwino ndi pomwe minda yosiyanasiyana yakumana, apa tirigu, apa tsala, apa msipu, kutali ndi nyumba, mitengo ndi msewu waukulu. Mukaona munda umodzi wa mbewu imodzi mpaka kutha kwa maso, kapena mizere ya mitengo ya olive yothiriridwa, pitirirani palibe kanthu. Minda yambiri ndi yotchingidwa ndi waya ndipo ndi ya eni ake, musadumphe mpanda, khalani m'misewu yafumbi yololedwa, geti mukalipeza lotseka mulitsekenso.

Muyembekezere kuvutika pang'ono kuposa mmene mabuku akale amanenera, chifukwa mbalameyi yachepa kwambiri kumadzulo kwa Ulaya. Kalembera wa ku Spain wa 2016 anapeza kuti zazimuna zatsika pafupifupi ndi theka poyerekeza ndi 2005, a SEO/BirdLife, bungwe loteteza mbalame la ku Spain, anaisankha kukhala mbalame ya chaka mu 2017 kuti anthu adziwe, ndipo mu 2020 pa msonkhano wa ku Gandhinagar ku India inalowetsedwa pa mndandanda woyamba wa pangano loteteza nyama zosamukasamuka. Choipha si mfuti kwenikweni koma kalimidwe. Matsala akutha, malo ouma akusanduka minda yothirira monga zinachitikira ku Alentejo damu la Alqueva litamangidwa, makina odula udzu wa ziweto amalowa m'munda msanga yaikazi ili pa mazira ndipo iyo mmalo mothawa imagwada, mankhwala akupha ziwala zomwe anapiye amadalira masabata oyamba, kuphatikiza mawaya a magetsi omwe zimawomba pouluka. Nchifukwa chake m'madera ambiri zazimuna zachuluka kuposa zazikazi. Ndiye mukaona yaikazi, makamaka ili ndi ana, lembani, imeneyo ndi nkhani yaikulu kuposa yaimuna yokongola ija.

Kuno kwathu makina odula udzu si ambiri koma fanizo lake mukuliona nokha, malo achepa ndiye tsala ndani akulisiyanso, madambo asanduka madimba, moto wa osaka mbewa, agalu, misampha. Ndi chifukwa chake ndakutumizani kumapaki poyamba osati kuminda ya kuseri kwa Chileka. Komabe musaderere minda, ngati muli ndi kumudzi komwe kudakali dambo lalikulu kayeseni mu Disembala mukapita ku Khirisimasi.

Zomwe mwaona zilembeni pomwepo, osati mukafika kunyumba, tsiku, nthawi, malo, zingati, zazimuna zingati zazikazi zingati, zimatani, udzu unali wotalika bwanji. Kabuku ndi bolopeni ndi zokwanira, kapena apu yolembera mbalame ya eBird yomwe imalola kulemba popanda netiweki nkudzatumiza pambuyo. Olo tsiku lomwe simunaione lembani mbalame zina zomwe munaona, nkhwali, zinziri, akakowa, chifukwa mndandanda wopanda bustard nawo umauza ofufuza kuti pamalopo munthu anayang'ana ndipo panalibe. Chithunzi cha pa foni chimatheka mukagunditsa kamera ya foni pa diso la bainokyula, chimatuluka chosaoneka bwino koma chokwanira kuti odziwa akutsimikizireni. Mukajambula nthawi yoswana, malo enieni musawaike poyera, ingolembani dera.